Mwana wa Mng'ono Wanga Pachifuwa Panga

Mng'ono wanga anachira mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri yokha. Inali nthawi yozizira, nandolo asanaume m'minda. Anamupanga opaleshoni kuchipatala chachikulu, ndipo tinakhalako mwezi ndi masabata awiri. Womudikirira ndinali ine, ndiye zonse zimene anamwino ankamuphunzitsa ndinkamva nawo.

Kamwanako kanali kakakazi. Nditakaona koyamba ndinayang'ana kumbali kuti mng'ono wanga asaone nkhope yanga. Mwendo wake unali ngati chala changa chachikulu. Kuyamwa sikankatha, mkaka unkadzera m'kapaipi ka m'mphuno. Nthawi zina kankaiwala kupuma, ndiye unkayenera kukasisita kuphazi kuti kakumbukire. Adokotala anatiuzanso kuti mtima wake uli ndi kabowo.

Tsiku lotuluka, anamwino anatikhazika pansi. "Mwanayu bedi lake ndi chifuwa cha munthu," anatero. "Khungu kukhungu, chipewa kumutu, kumanga ndi chitenje, osamutsitsa. Akazizira, mwamutaya. Koma mayi yekha sangathe, bala lake silinapole. Kwanu kuli ndani womulandira?"

Kwathu kunalibe anthu ambiri. Bambo wa mwanayo anali ku Joni. Amayi athu ankatsokomola, ndipo anamwino anawaletseratu. Ndinatsala ine, amene nyumba yanga imayang'anana ndi ya mng'ono wanga.

Koma kwathu kuno khanda siligwiridwa ndi munthu wamba. Amene akugona ndi mwamuna wake timati ndi wotentha, ndipo akanyamula khanda amalidula: limatupa, limanyentchera, kenako limapita. Titangofika kumudzi amayi anandiitanira kuseri kwa khitchini.

"Iwe uli pabanja," anandiuza. "Ukafuna kumugwira, iwe ndi apongozi anga mudike, musiyane mphasa. Ngati simungathe, nena, palibe wokuimba mlandu. Koma usandinamize."

Zoti zimenezi n'zoona kapena ayi sindinafunse. Ndinkangodziwa kuti amayi akakana, mwanayo sindimugwira, ndipo mng'ono wanga payekha sakanafika naye patali.

M'mawa mwake ndinawapeza amuna anga akupopa njinga yawo ya kabaza.

"Bambo, ndiyamba kunyamula mwana wa alamu anu."

"Nyamulani, manja ndi anu."

"Ndiye kuti inu muyala mphasa pabalaza."

Anasiya kupopa. "Mwini mwana ali ku Joni akudya buledi, chilango chigwere ine?"

"Si chilango."

"Mpaka liti?"

"Mpaka anamwino anene kuti achoke pachifuwa."

"Amanena ataona chiyani?"

"Sikelo."

Anapukusa mutu n'kupitiriza kupopa. Asananyamuke anatulutsa okha mphasa kuchipinda, akuimba nyimbo ya pamaliro kuti ine ndiseke.

Tinagawana ntchito chonchi. Ine ndikabwera kumjigo ndinkasamba m'manja ndi pachifuwa, mng'ono wanga n'kundimangirira mwana. Iye ankafinyira mkaka m'kakapu, n'kugonako pang'ono. Pakatha maola awiri tinkamumwetsa ndi kakapu komweko, kadontho kadontho, chifukwa akamwa mofulumira ankatsamwa. Ndinaphunzira kusenda nandolo nditakhala chilili ngati munthu wodwala msana. Kuwerama ayi, kulowa mu utsi ayi. Mwana wanga wa zaka ziwiri ankaswera kwa amayi, ndipo masiku oyamba ankandiyang'ana ngati ndamuba.

Mpweya wa kamwanako ndinauzolowera mpaka ndinkaumva ndi khungu. Ukangosiya, dzanja linkapita lokha kuphazi, pakamwa ndikupitiriza nkhani.

Lachinayi lililonse tinkapita kusikelo, ndipo palibe amene ankalidikira tsikuli kuposa amuna anga. Tikatuluka tinkawapeza pageti.

"Wakwera?"

"Pang'ono."

"Pang'ono bwanji? Mukumumwetsa koma?"

Anayamba kubwera ndi mtedza ndi chinangwa, ati mayi wa mwana adye, mkaka uchuluke. Mng'ono wanga anawafunsa tsiku lina, "Alamu, chikondi chonsechi ndi cha mwana kapena mphasa yakuwawani?"

"Zonse ziwiri, alamu. Ndikunamizeni chifukwa chiyani?"

Aka kanali koyamba kumumva mng'ono wanga akuseka chichirireni.

Sabata yachisanu, m'mawa wina, ndikumulandira mwana ndinaona kuti mapazi ndi zikope zatupa. Ankapuma mothamanga, kakapu anakakana. Amayi atamuona anayamba kuyankhula Chilomwe, chimene amayankhula mtima ukawapsa. Anamasula okha chitenje pachifuwa panga n'kumubwezera kwa mayi wake.

"Mwamudula mwana. Ndinati usandinamize."

Ndinalumbira, koma sanandimve. Anati aitanitse mayi wina wa kutsidya wodziwa mizu, ine ndi amuna anga tiulule, mwana amwe mankhwala. Chimene chinandipweteka kwambiri si mawu a amayi. Mng'ono wanga anandiyang'ana, ndipo ndinaona kuti nayenso akufunsa.

Amuna anga chikwatireni anali asanayankhepo apongozi awo maso ndi maso. Akakumana panjira amapatukira kutchire. Tsiku limenelo anabwera, ananjuta patali pang'ono, chipewa m'manja.

"Amayi, pepani ndiyankhule. Mphasa yanga ili pabalaza, mukhoza kukaiona, yachita kutha mbali imodzi. Koma tisataye dzuwa ndi mlandu wanga. Anamwino anati akatupa tithamange. Mlanduwo mudzaupeza tikabwerako, ine sindithawa."

Amayi sanaletse. Mng'ono wanga anakwera njinga ya amuna anga mwana ali pachifuwa, ine ndinatsatira pa njinga ya mnzawo. Kuchipatala chaching'ono anatitumiza kuchachikulu tsiku lomwelo. Adokotala anati ndi mtima uja, ukulephera kupopa bwino, ndiye madzi akudzaza m'thupi. Anati tikanachedwa tsiku lina limodzi, nkhani ikanakhala ina. Tinagonekedwa masiku asanu ndi anayi, n'kutuluka ndi mankhwala omwa m'mawa ndi madzulo.

Ali pabedi lachipatala, mng'ono wanga anandigwira dzanja. "Achemwali, tsiku lija…"

"Usanene," ndinamuuza. "Finya mkaka, nthawi yakwana."

Amayi pepani sananene, ndipo sindinkayembekezera. Titabwerako anamutenga mwana, n'kumuika okha pachifuwa panga, n'kumanga mfundo kumsana. Kenako anapha nkhuku, anaphikanso kalongonda amene amatenga tsiku lonse pamoto, n'kundipatsa mbale kuti ndikapereke kwa apongozi awo. Amuna anga anavundukula, anayang'ana nthawi yaitali, n'kuti, "Ndiye kuti mlandu watha?" Anadya osasiyako.

Patapita masabata awiri ndinagwa ndi malungo. Thupi linkanjenjemera, sindikanatha kunyamula ngakhale kapu. Mng'ono wanga anakhala naye yekha tsiku lathunthu ndi theka, mpaka anayamba kusinza ali chikhalire, mutu ukugwera pa mwana. Amayi anaima pakhomo panga, akuyankhula ndi ine koma mokweza kuti wa pabalaza amve.

"Apongozi aja adika masiku ofanana ndi iwe. Chifuwa alibe?"

Ndinawaonera pawindo. Amuna anga anavula malaya, mng'ono wanga anawamangirira mwana ndi chitenje chamaluwa, pamwamba jekete. Anakhala pakhonde ali gwaa, ngati asenza mazira, kuopa ngakhale kutembenuza khosi. Anzawo a kabaza podutsa anaimika njinga.

"Achimwene, mwachira liti? Osatiuza?"

"Dzulo. Mwabwera chimanjamanja kudzaona khanda? Bwererani mukatenge sopo."

Anamunyamula masiku anayi, maola ake osaphonya. Tsiku lachiwiri anandiitana motsitsa mawu, maso ali psuu. Anati mwana anasiya kupuma, iwo n'kumusisita kuphazi monga ankationera, ndipo anayambiranso. Kuyambira pamenepo sanafunsenso za sikelo mwanthabwala.

Mwanayo anadzitsitsa yekha. Anayamba kupalapata, kutulutsa mwendo m'chitenje, kulira akamangidwa. Anamwino atamuyeza anati wakwana makilo awiri ndi theka, agone pambali pa mayi wake ngati ana ena. Tinatuluka panja tonse atatu, ine, mng'ono wanga ndi amuna anga, osadziwa kuti manja tiwaike pati.

Lero ali ndi zaka zitatu. Anachedwa kukhala, anachedwanso kuyenda, ndipo mankhwala akumwabe. Miyezi itatu iliyonse timapita naye ku Blantyre kukaunikitsa mtima, ndipo za opaleshoni akuti tidikirebe. Akathamanga pang'ono milomo imada. Akatopa salira. Amangokhala pansi pamene wafikapo, pakati pa bwalo, n'kukweza manja, ndipo amene ali pafupi amasiya chimene akuchita.