Amene Anatsala ku Nkholongue

Ndinaganiza zochoka ku Nkholongue tsiku limene mphunzitsi wa masewera anabwera kwathu panjinga kuchokera ku Metangula. Anauza bambo kuti ku Maputo kuli malo a munthu mmodzi woti aphunzire dekatulo, mpikisano wa masewera khumi wochitika masiku awiri. Bambo anangopitiriza kusoka ukonde osadzutsa mutu. Anayankha ndi achimwene anga, a Barnaba: "Mulekeni apite. Ngalawa ndikwanitsa ndekha."

Kuthamanga, kulumpha ndi kuponya nthungo ndinkazidziwa kale pamchenga wakwathu. Chimene chinandiliza ku Maputo ndi kulumpha ndi ndodo. Miyezi itatu ndinkangogwa chagada, anzanga akundiseka kuti munthu wa kunyanja amadziwa nkhafi basi. Chaka chachinayi ndinapambana mpikisano wa dziko lonse, ndipo ananditumiza kukaphunzira ku Portugal.

Kumeneko m'mawa ndinkatsuka mbale m'lesitilanti, masana n'kupita kubwalo. Kangachepe kotsala ndinkatumiza kwathu. Inkatha miyezi osayankhula Chinyanja ndi munthu pamaso, moti ndinkadziyankhula ndekha pothamanga. Amayi ankakwera kachulu kuseri kwa tchalitchi kuti foni igwire, koma funso lawo linali limodzi: "Ukudya koma?" Za mapointi ankati ndiwauze achimwene. Achimwenewo ndiye ankafunsa chilichonse, mpaka mphepo inkawomba kuchokera kuti.

Tsiku langa lalikulu linali pa mpikisano wa mayiko a mu Afrika. Tsiku loyamba ndinamaliza ndili wachisanu ndi chimodzi. Lachiwiri kuponya nthungo kunandikweza pamndandanda, ndipo pa liwiro lomaliza ndinathamanga mpaka kusanza. Ndinakhala wachitatu. Nditaimba foni, achimwene anandilola kufotokoza zonse, kenako anati, "Tsopano khala pansi. Bambo tinawaika dzana." Anabisa dala kuti ndimalize. Ndinakhala chaka osawaimbira.

Bondo linaduka mtsempha ndikulumpha zotchinga, ndili ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Madokotala anayesa kawiri kulikonza, koma zinakanika. Ndinanyamula chikwama chimodzi n'kubwerera.

Ndinapeza achimwene atamera imvi, mapewa atapindika ndi nkhafi. Anandilandira bwino, koma nkhani sinkayenda. M'mawa wina ndikuthandiza amayi kuyanika usipa pathandala, anati, "Mpaka liti mkwiyo wakowu? Kodi ukudziwa kuti mphunzitsi uja anayamba wafuna mkulu wako? Anakumana naye kudooko kawiri konse. Mkulu wakoyo anakana, nati atenge iwe."

Ndinawapeza achimwene akumata ngalawa phula. Ndinawafunsa ngati zinali zoona.

"Amayi pakamwa," anatero. "Bambo maso anali atayamba kale kufooka. Ndikanapita ine, iwe ukadali wamng'ono, akanapalasa ndani?"

"Simunadandaulepo?"

Anaika chitini cha phula pansi. "Masiku ena. Makamaka ukamandiuza nthawi zako za mamita mazana anayi. Ndinkati mumtima, apa pokha ndikanamuposa." Anaseka, koma osati kwambiri. "Ndiye tandiuza, munthu ukakhala pamwamba pa ndodo paja, usanayambe kugwa, zimamveka bwanji? Pafoni sunkafotokoza bwino."

Ndinakhala pamchenga, bondo nditaliwongola, n'kuyamba kuwafotokozera kuchokera pa phazi loyamba. Phula linauma m'chitini, iwo akumvetsera.