Dzina la Bambo pa Pepala la Zitumbuwa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo ankagwira ntchito ya utolankhani ku Blantyre. Kwathu ku Domasi ankabwera mwa apo ndi apo, moti nkhope yawo ndinkachita kuiiwala. Mayi ankagulitsa zitumbuwa m'mbali mwa msewu wa ku Liwonde, ndipo ankagula nyuzipepala zakale zokulungira malondawo. Mtolo ukangofika, ndinkauthawitsira kuseri kwa nyumba n'kumasanthula tsamba ndi tsamba, kufunafuna dzina la bambo mayi asanayambe kung'amba.

"Kodi udya dzinalo?" ankatero mayi.

Ndikalipeza, nkhaniyo ndinkaiwerenga mokweza, omvera ake nkhuku. Ndinabadwa ndekha, ndipo anzanga ankati ndine wamatama. Ndinkasungulumwa koopsa, koma dzina lija linkanditsimikizira kuti bambo alipo ndithu kwinakwake.

Kenaka nyuzipepala zinayamba kuwonda. Masamba anachepa, mayi n'kumadandaula kuti zokulungira zikusowa, ndipo dzina lija silinaonekenso. Patapita miyezi, bambo anatsika minibasi ndi chikwama chimodzi. Ntchito inali itatha, poti anthu anali atasiya kugula nyuzipepala, nkhani ankaziwerenga pafoni.

Ankaswera pakhonde, maso kumsewu. Ine mtima unali m'mwamba kuti adzanyamukanso osabwerera. M'mawa wina tinamva kuti ngalande yothirira mpunga yagumuka, ndipo bambo anandiuza kuti ndiwaperekeze. Kumeneko anajambula ndi foni yawo mayi wina wachikulire ataima m'munda wochita ming'alu, akudandaula za mbande zake zimene zinkafota. Dzuwa lisanapendeke, mawu a mayiyo anali atafalikira m'mafoni, mpaka osadziwa kuwerenga anawamva.

Pobwerera, tikudutsa m'minda, bambo anati, "Waona? Zaka zonse zija ndinkalemba, kwathu kuno palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiwerengapo. Ndinkangolankhula ndekha ngati wamisala."

"Ine ndinkawerenga, ababa," ndinatero. Ndinawatchulira nkhani ya mlatho wokokoloka, ya anyamata okumba mchenga, ndi ya mphunzitsi amene ankaphunzitsira pansi pa mtengo.

Anaima chilili, n'kundiyang'ana ngati akundiona koyamba.

"Unkazipeza kuti?"

"Kwa amayi, asanakulungire zitumbuwa."

Anaseka, koma maso anali atalengeza misozi. Njira yonse yotsalayo anandigwira dzanja.

Lero pamsika wathu nyuzipepala imaoneka mwakamodzikamodzi, ndipo kunena zoona sindiilira kwenikweni. Chimene ndamvetsa n'chakuti bambo sankalira pepala kapena tauni. Ankasowa munthu woti awauze kuti ndakumvani, monganso ine ndinkasowa wondilankhula. Sanachokenso pakhomo mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, ndipo nkhani iliyonse imene ankajambula, asanaitumize kwa anthu, ankayamba aitana ine kuti ndiimvere.