A Mbewe andiona ndi tambula ya vinyo m'manja

Moni nonse.

Lero ku lesitilanti komwe ndimagwira ntchito kunali phwando lolawitsa zakudya za ku Thailand, mbale iliyonse ndi vinyo wake. Bwana anati ife operekera zakudya tilawekonso kuti tizitha kufotokozera alendo. Nditakana, anati, "Nanga akakufunsa uwauza chiyani?"

Ndangolawa vinyo woyera amene amayendera limodzi ndi nsomba ya tsabola, potembenuka ndangoti maso ndi maso ndi a Mbewe, mkulu wa mpingo wathu ku Kawale. Omwe aja akusunga mapepala oti ukwati wanga ulengezedwe Lamulungu likubwerali.

Anangoti, "Tiyamike, bambo ali bwanji?" Osamwetulira n'komwe.

Koma abale, patsogolo pawo panali matambula anayi, onse opanda ndi dontho lomwe. Ndinawachotsa ndine ndemwe, iwo akuyang'ana kudenga.

Pano a Mbewe andiimbira kawiri, sindinayankhe. Bambo sali pa gulu lino, chonde wina asathamange nazo. Amalume, ndiyambe ndine kukawauza bambo, kapena ndidikire ndione ngati a Mbewe angalimbe mtima?