Makutu a Bwana Kusiling'i

Ku ofesi ya esiteti yathu ya tiyi kunamveka mphekesera yoti Mtisunge Dickson ndi kazitape wa manijala. Akuti timabokosi toyera tomwe ankafuna kukhoma kusiling'i ndi makutu, ukangotsokomola dzina la bwana, mawa lake kalata yakupeza. Wofalitsa wamkulu anali a Anderson a ku sitolo, bambo oti chinsinsi chimawayabwa ngati chitedze.

Linali bodza, koma bodza lake lokhala ndi poyambira.

Mtisunge ndi wa kwa Changata. Mayi ake anathyola tiyi zaka makumi awiri, iye n'kuyambira ntchito pa sikelo, kulemba makilo. Ali pamenepo, chinthu china chinkamudabwitsa: akaima kumanzere kwa shedi foni inkagwira, akasuntha mapazi atatu, yafa. Enafe tikanangotukwana eni netiweki n'kupitiriza tsiku. Iye anafunsafunsa mpaka anakachita kosi ya za netiweki ku Blantyre, n'kubwerako ndi pepala.

Ofesi itakula, anthu kuchoka pa 12 kufika pa 40, zipinda zatsopano kumbuyo, anamuuza akonze zoti waifai izifika paliponse. Anamupatsa masabata awiri. Zikakanika, aitana akatswiri a m'tauni, iye abwerere ku sikelo.

Poti amapembedza Loweruka ndipo pa Sabata sagwira ntchito, anakayeza Lamulungu. Muofesi munalibe munthu, zitseko zonse zotsegula, netiweki ikuyenda ngati mtsinje wa m'dzinja. Lolemba anthu adzaza, aliyense watseka chitseko chake, zonse zii. Khoma lakale lomwe anamanga azungu, lonenepa njerwa zitatu, silinalole kanthu kudutsa.

Anatolapo phunziro: ofesi amayeza eni ake alimo. Anayamba kuyenda foni ili m'mwamba, kope kukhwapa, akulemba timitanda ta choko pamakoma. Ankatsatira anthu mpaka kukhitchini, chifukwa anaona kuti ikakwana teni koloko ofesi yonse imasamukira kumeneko. Kenako anabwera ndi funso lomwe linaputa mavu: "Muli ndi mafoni angati?"

Kabokosi kalikonse kali ndi malire a mafoni omwe kangasenze, ndiye mwana wa eni ankangofuna nambala yoona. Koma a Anderson ali ndi mafoni awiri, akunyumba kwawo amadziwa imodzi. Ndipo sanali okha.

"Imodzi, mwanawe," anatero a Anderson, inayo ikunjenjemera m'sokosi.

Aliyense anati imodzi. Kope linati 40, kompyuta yake ikuonetsa 63. Mtisunge akalowa kukhitchini, nkhani inkasanduka ya mvula. Ngakhale Alesi, mnzake wa kukwaya, anayamba kukadyera chinangwa chake kuseri kwa thanki.

Kutatsala masiku awiri, anasiya kufunsa. Analowa ndi makwerero pa teni koloko, n'kuwaimika pakati penipeni pa khitchini. Makapu anaima m'malere.

"Khutu lija lafika," ananong'ona a Anderson, manong'onong'o ake omveka mpaka kufakitale.

"Ankolo," anatero Mtisunge ali pamwamba, "ndakonzera mafoni 70. Mayina sindinalembe. Ya m'sokosiyo igwiranso, musadandaule."

A Anderson anapezeka kuti ali ndi ntchito yachangu ku sitolo, tiyi n'kumusiya akufuka.

Lachisanu waifai inagwira paliponse, kuseri kwa khoma la azungu, m'zipinda zatsopano, ngakhale kuchimbudzi komwe ena amachedwako masiku ano. Sikelo sinamuonenso Mtisunge. Tsiku lomwelo Alesi anabwera ndi chinangwa, n'kumunyemera chibenthu chachikulu, maso ali kusiling'i komwe kagetsi kobiriwira kankaphethira.

"Koma asisi, pa awirife. Kameneka sikamva ndithu?"

Mtisunge anayamba wameza.

"Kamverenji? Inu miseche mumachita kukuwa, imamveka mpaka ku Thekerani. Bwana agulirenjinso makina?"