Kaliwo wa a Kadzakumanja ndi Mphuno ya Asewere

Ku Chinsapo mukafunsa za a Jeremiah Kadzakumanja anthu amangoyang'anana. Koma mukati "mdala wa kaliwo wokonza njinga uja", aliyense akulozerani pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi chigayo, pomwe pamalendewera matayala akutha ndi matchubu a zigamba zokhazokha. Mukafika musavutike kufunafuna nkhope. Yang'anani pomwe pakufuka utsi, mwini wake ali kuseri kwake.

A Jeremiah anabadwira ku Dowa, m'banja la alimi a fodya, ndipo amakonda kunena kuti fungo loyamba kulimva padziko pano linali la chigafa, la amayi awo linabwera pambuyo. Anafika ku Lilongwe ali mnyamata, nasenza mabelo a fodya ku Kanengo mpaka msana unawauza kuti basi. Kenako anaphunzira kukonza njinga, ndipo a kabaza atachuluka m'tauni muno ntchito inachita kuwatsata yokha. Kaliwoyo anawasiyira ndi amalume awo. Ndi wakuda bii, mutu wake ndi wong'aluka, womangidwa ndi waya wa buleki, ndipo kukamwa kwake n'kolumidwalumidwa ngati nzimbe ya mwana. Akatsekeka amamuchokocha ndi sipoko. Ndudu amainyoza kwambiri. Amati ndudu ndi fodya wa munthu wothamangira minibasi, pomwe kaliwo amafuna munthu wokhala pansi, woganiza mozama. Zotsatira za maganizo ozamawo sitinazionebe mpaka lero.

Kaliwoyo anasanduka chiwalo cha thupi lawo. Amalozera naye tayala lopindika, amakanda naye kuseri kwa khutu, amaopseza naye wa kabaza wofuna kuthawa ndi njinga tcheni chisanamangidwe. Amayankhula ali naye pakamwa, moti mawu amatulukira mbali imodzi, ndipo kasitomala watsopano amafuna womumasulira. Akazi awo, Amayi Elsie, anayesa zonse. Anabisapo machesi, anaitanapo amayi a mvano kudzapemphera, ananyanyalapo sabata yathunthu. Potsiriza anatopa, nangolamula kuti utsi uzithera pakhonde. Chinsapo yense anagonja. Amene sanagonje ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Tiwale.

Tiwale anakwatiwa ku Area 25 ndi Rodgers, mnyamata wa ku Karonga, wofatsa mpaka kupepesa chitseko akachigunda. Mwana wawo woyamba atabadwa, wamkazi, anamutcha Tusekele, ndipo amayi ake a Rodgers, Amayi Keziah, anabwera kuchokera kumudzi kudzathandiza kulera. Mayi ameneyu Mulungu anamupatsa mphuno yoopsa. Amadziwa kuti nyemba za kwa aneba zikupserera eni ake ali phee kucheza.

Mwana atatuluka m'chikuta, a Jeremiah anavala jekete lawo la maukwati, napukuta nsapato, nanyamuka ndi Amayi Elsie. Njira yonse anali kuyeseza kanyamulidwe ka khanda pa thumba la ufa lomwe anatengera ana awo. Pakhomo anawalandira ndi Amayi Keziah.

"Fikani, asewere, fikani," anatero mwaulemu, akuwomba m'manja. Kenako mphuno ija inagwedezeka pang'ono. "Koma inu abambo, pakhonde pano pali kamphepo kabwino. Ndikubweretsereni mpando."

Amayi Elsie analowa m'nyumba. A Jeremiah anatsala panja ndi thumba la ufa. Patapita kanthawi Tiwale anatuluka, nagwada pafupi nawo.

"Adadi, musakhumudwe. Kuchipatala anatiuza kuti utsi wa fodya ndi woipa kwa khanda, ngakhale wotsalira m'zovala. Tsiku lomwe mudzabwere osanunkha, mudzamunyamula mpaka manja atope."

"Ine ndikununkha?" anafunsa a Jeremiah modabwa zenizeni. Munthu wokhala pafupi ndi chigayo samva phokoso.

Tsiku limenelo mdzukulu wawo anamuonera pawindo, ndipo chomwe anaona bwinobwino ndi kaphazi kamodzi kotuluka m'shawelo. Zinawapweteka kwambiri. Pobwerera Amayi Elsie anali kalikiliki kufotokoza za kulemera kwa mwanayo, kufewa kwa tsitsi lake, ndi mphuno yake yomwe akuti yatengera kuchimuna. Mawu omalizawa anawaopsa a Jeremiah kuposa onse.

Munthu wina akanaganiza zosiya fodya. Maganizo amenewo anadutsa pansi pa mango paja osaima. A Jeremiah ankafuna mdzukulu, ankafunanso kaliwo, ngakhale akulu ananena kale kuti mapanga awiri avumbwitsa. Tsono tsiku lina wa kabaza wina dzina lake Swaleh, akudikira kuti amumatire tchubu, anaponya mawu.

"Madala, mabwana a kumayadi amasuta kaliwo ngati wanuyu, koma wawo amakhala ndi fyuluta. Kanthu kakang'ono mkatimu, kamagwira zoipa zonse. Utsi umatuluka woyera ngati wa tiyi."

Swaleh kaliwo wa fyuluta anali asanamuonepo, anangomva kwa pasinjala. Koma a Jeremiah anaimika ntchito, namuyang'ana mnyamatayo ngati mngelo. Kufunsa kwa odziwa sanafunse, paja safunsa anadya phula. Anati munthu amene amaukitsa njinga zakufa sangalephere kupanga kanthu kosefa utsi.

Anayamba ndi thonje lomwe anasolola mu pilo wa Amayi Elsie. Atakoka mwamphamvu, thonjelo linasiya ntchito yake n'kulowa kukhosi, ndipo anatsokomola mpaka wodutsa m'njira anawamenya pamsana osawadziwa. Anayesa kasiponji ka pa chishalo cha njinga. Fungo lomwe linatuluka linachititsa mwini chigayo kuzimitsa injini, poganiza kuti lamba akupsa. Anayesa makala opera, chifukwa anamvapo kuti makala amasefa madzi. Milomo inada ngati kunsi kwa poto, ndipo Amayi Elsie anawakaniza kumwera m'kapu ya alendo.

Nzeru yaikulu inabwera pambuyo pake, ndipo inali ya wokonza njinga weniweni. Valuvu ya tchubu imalola mpweya kulowa koma osatuluka. Tsono ataiika mu kaliwo, iwo anatero, utsi uzingolowa mwa iwo basi, osabwerera kukadetsa zovala. Zoti utsiwo umatulukira m'mphuno ndi pakamwa sizinawafike. Anagwira ntchitoyo m'mawa wonse, namata bwinobwino, koma valuvuyo anaiika chozondoka. Anayatsa, nakoka. Palibe chinabwera. Anakokanso mpaka masaya analowa mkati, maso natuluka kunja. Atakwiya anauzira, ndipo fodya yense wamoto anauluka ngati dzombe n'kukatera pa khushoni ya njinga ya Swaleh. Mnyamatayo anazimitsa ndi chipewa, ndipo kuyambira pamenepo sanapatsenso munthu wamkulu malangizo.

Nkhaniyi inamupeza Rodgers, ndipo inamumvetsa chisoni. Anazungulira masitolo a m'tauni mpaka anapeza kaliwo weniweni wa fyuluta, wonyezimira, n'kudzawapatsa apongozi ake ndi manja awiri. Anayesa kunena kuti mphatsoyo ndi yongothandiza chifuwa chawo, koma mkamwini wofatsa mawu ake amathera m'kolala. A Jeremiah anamva zomwe ankafuna kumva.

Kaliwo watsopanoyo sanawakomere. Anati kusuta ndi fyuluta kuli ngati kunyambita shuga ali m'pepala. Koma anapirira, nasuta mwakhama kuposa kale, kuti fyulutayo adzaze msanga zoipa zoti akaonetse. Loweruka linalo anakwera minibasi ali ndi umboni m'thumba.

"Asewere, taonani," anatero pakhomo paja, akutsegula kaliwo n'kutulutsa kafyuluta kofiirira. "Zoipa zonse zatsalira umu. Ine pano ndine woyera."

Amayi Keziah anakayang'ana kanthuko mwachidwi, monga munthu wolemekeza ntchito ya mnzake. "Yewo, n'kabwino ndithu. Koma kameneka kakusefa zolowa, asewere. Ife kuno vuto lathu ndi zotuluka." Mpando uja unali kale pakhonde, ngati ankawayembekeza.

Ulendo umenewo anaona zambiri kuposa woyamba, chifukwa Tiwale anamuimika mwanayo pawindo. Kamwanako kanali katakula, kali ndi masaya, ndipo kanayang'ana cha kumene kunali agogo ake n'kuyasamula. A Jeremiah anachita mantha. Anaona kuti mwanayu akhoza kuyamba kukwawa, kuyenda, mpaka kupita kusukulu akuwadziwa ngati bambo wa pawindo. Pobwerera anafunsa Amayi Elsie ndi mawu otsika, kaliwo ali m'thumba, kuti achite chiyani.

"Bambo a Tiwale, mwandifunsa lero? Dikirani nthawi ndiilembe pamtima," anatero Amayi Elsie. Mwayi umenewu anaudikira kuyambira tsiku la ukwati, ndipo sanauseweretse.

Jekete la maukwati analichapa kawiri, koma fodya anali atamanga nyumba m'menemo, moti analisiya. Shati iliyonse ya m'nyumbamo inali chimodzimodzi. Anakabwereka ya a Lumbani, aneba awo osasuta, bambo wa thupi lake, ndipo a Jeremiah ataivala manja anasowa. Kenako Amayi Elsie ananunkhiza ndevu za pamlomo za amuna awo, zomwe utsi unazisandutsa zachikasu, n'kuweruza kuti zipite. A Jeremiah anachonderera kuti ndevuzo n'zakale kuposa Tiwale. Wometa sanamve chisoni. Zala anazikwecha ndi mandimu mpaka girisi wa zaka zambiri anatuluka m'zikhadabo. Akaliwo onse awiri, wa amalume ndi wa mkamwini, anatsekeredwa m'sutikesi kuyambira Lachisanu m'mawa, kiyi ali pa mpango wa Amayi Elsie.

Lachisanu limenelo a kabaza anavutika. Mdala anali wolusa ngati mavu, anamanga pedulo chozondoka, ndipo popanda kaliwo pakamwa mawu ake ankatuluka owongoka, moti anthu omwe anazolowera opindika aja sankamva kanthu. Loweruka ku depoti ndiye kunali zoseketsa. Munthu amene anafukiza Chinsapo kwa theka la moyo wake ankazemba utsi wa ndudu ngati wothawa mvula, atakumbatira shati ya a Lumbani. Mnyamata wina woitanira minibasi atayatsa ndudu pafupi nawo, anamudzudzula.

"Achimwene, kasutireni uko. Simukuona kuti anthu tikupita kokaona ana? Fodya ndi woipa."

Amayi Elsie anatembenukira kumbali, mapewa akugwedezeka.

Ku Area 25 Amayi Keziah anatsegula chitseko, nalonjera Amayi Elsie, kenako nafunsa kuti bambo ali nawowa ndi ndani. Atawazindikira anagwira pakamwa, koma ntchito yawo sanaiiwale. Anawazungulira pang'onopang'ono, mphuno ili patsogolo. A Jeremiah anaima njo, mpweya ataugwira, mtima ukugunda ngati tsiku lomwe anakafunsira mbeta.

"Mandimu," anatero Amayi Keziah. Ananunkhizanso cha kuphewa. "Ndi sopo. Lowani, agogo."

Anawakhazika pa sofa. Tiwale anabwera ndi Tusekele, atangomuyamwitsa kumene, n'kumuika m'manja mwawo. Zonse zomwe anayeseza pa thumba la ufa zinathawa m'mutu. Kamwanako kanali kopepuka, kofunda, ndipo kanawayang'anitsitsa pamlomo pometedwa paja ngati kakufunsa kuti chinachitika n'chiyani. A Jeremiah anafuna kunena mawu aakulu, oyenera mdzukulu woyamba, koma anangoti, "Ndine amene ndinali pawindo uja."

Anamukweza paphewa monga anawalangizira Amayi Keziah, namusisita pamsana. Tusekele anageya mwamphamvu, ndipo mkaka wonse womwe unamuchulukira anaubwezera pa shati ya a Lumbani. Tiwale anathamanga ndi kansalu konyowa.

"Pepani adadi, dikirani ndipukute."

"Usakhudze," anatero a Jeremiah. Tiwale anaima ndi kansalu m'manja, nayang'ana amayi ake, ndipo amayi ake anamukodola kuti akhale pansi. Mwanayo anagona paphewa pomwepo. Chakudya chinabwera, a Jeremiah anakana kumupereka, nadya ndi dzanja limodzi, theka la ndiwo likugwera pa sofa. Amayi Keziah anaona zonsezo nangoyang'ana kumbali.

Anafika ku Chinsapo dzuwa likupendeka. Amayi Elsie, amene anamenyana ndi fodya moyo wawo wonse, anawamvera chisoni amuna awo. Anamasula kiyi pa mpango, natulutsa kaliwo wa amalume, wopanda fyuluta uja, namudzaza fodya ndi manja awo n'kukawapatsa pakhonde pamodzi ndi machesi. Analowa m'nyumba kukasonkha mbaula, akudikira fungo lomwe analizolowera. Fungolo silinabwere. Atasuzumira anapeza a Jeremiah ali pampando, kaliwo ali pakamwa wosayatsa, mutu utapendekera kuphewa komwe mkaka uja unaumira.

"Bambo a Tiwale, machesi anyowa?"

"Ali bwino."

"Nanga bwanji simukuyatsa?"

A Jeremiah ananunkhizanso paphewa paja asanayankhe. "Utsi ungafafanize," anatero.

A Lumbani atabwera kudzatenga shati yawo, Amayi Elsie anawatsekereza pa geti n'kuwauza kuti adzabwere tsiku lina.