Ndikuchoka ku Mvurwi nditangoyamba kumva

Lachiwiri lapitali ndinauza ophunzira anga kuti mwezi uno ukatha ndibwerera kwathu ku Dedza. Amai Rudo, amene amakhala kutsogolo poti maso ayamba kuwavuta, anatseka buku lawo.

"Ndiye a Ticha, mwatifikitsa pakati pa mtsinje, basi mukubwerera?"



Owerenga akale mukudziwa kuti nditapuma pa uphunzitsi, mpingo wathu unanditumiza kuno ku Zimbabwe kwa chaka chimodzi, kudzathandiza ana a m'komboni ina pafupi ndi Mvurwi. Ambiri ndi zidzukulu za Amalawi amene anabwera kalekale kudzagwira ntchito m'minda ya fodya. Lero makolo awo amadalira maricho, omwe kwathu timati ganyu.

Ndinafika ndi katoni ya mabuku ndi malangizo ochokera kulikulu la mpingo: kalasi izikhala ya m'mawa, ya ana okhaokha, Chingerezi ndi masamu. Lero kubwere ana atatu, mawa awiri. Nyengo ya fodya m'mawa ndi wa kumunda, ndipo mwana wokulirapo ndiye amatsala ndi khanda amayi akapita kothyola. Zimenezi munalibe m'malangizo muja.

Tsiku lina Amai Rudo anandipeza ndikusesa kalasi yopanda munthu. Anali ndi foni m'manja.

"Mnyamata wanga ali ku migodi ya Mutorashanga, amandilembera pafoni," anatero. "Koma wondiwerengera ndi mkazi wa neba. Dzuwa lisanalowe komboni yonse yadziwa kuti mpongozi wanga anathawa. Ndiphunzitseni, ndiziwerenga ndekha."

Ndinati mpingo unandituma kudzaphunzitsa ana. Iwo anati, "Ikani kalasi yanu tikaweruka. Anawo tibwera nawo."

Tinasamukira pamthunzi wa balani yakale yowotchera fodya. Amayi anabwera, makanda kumsana, ana pambuyo. Chingerezi tinayamba tachiika pambali, n'kuyambira pa chinenero chimene amalemberana pafonipo, Chichewa chosakaniza ndi Chishona. Mawu ena amandiphunzitsa ndi iwo, akuseka katchulidwe kanga. Koma pofika pamenepa theka la chaka linali litapita.

Sabata yatha Amai Rudo anawerenga okha, chala chikutsata pagalasi: "Ndili bwino amai." Anabwereza kawiri, n'kuika foni pachifuwa. Uthenga ukatalika umawagonjetsabe. Akufunika miyezi ina ingapo, imene ine ndilibe. Ndinapempha a kulikulu la mpingo kuti andiwonjezere nthawi, anandiyankha mwaulemu kuti chaka chamawa kubwera mnyamata wina. Sindikukayika kuti katoni yake yamangidwa kale.

Kodi si mmene timachitira? Munthu timamutsanzika m'tchalitchi ndi nyimbo, timamujambula, timamupatsa chaka. Miyezi yoyamba amangogunda khoma. Akayamba kudziwa kuti uyu ndi ndani, amadzuka nthawi yanji, chimamupweteka n'chiyani, timamuitana kuti adzafotokoze za ulendo. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, koma mbewu simera ndi mame.

Ifenso pasukulu yathu kwathu tinkalandira alendo otere. Ndikukumbukira mtsikana wina wochokera kunja amene anatidzazira mashelefu ndi mabuku, pamene atsikana athu ankajomba chifukwa chosowa chimbudzi chotseka. Atazindikira, anayamba kufunsa mtengo wa simenti. Mwezi womwewo anakwera ndege. Tinamuseka m'chipinda cha aphunzitsi. Lero ndikanakonda nditakumana naye.

Dzulo Amai Rudo anandiperekeza mpaka pamsewu. Posiyana anati, "Wobwerayo mumuuze kuti kuno m'mawa kulibe munthu. Asadzavutike kusesa."

Ndinalonjeza. Koma kumva kuli apo, kudzionera wekha kuli apo, ndipo mnyamatayo adzafika atanyamula malangizo a anthu amene sanapondeko kuno.

Inu amene mumagamula kuti chaka chimodzi n'chokwana, munayamba mwafunsako mayi amene angofika pakati pa buku?