Sensa Yophikidwa mu Ketulo

Galimoto yanga inali ndi matenda osunga nthawi. Ikayenda mphindi makumi awiri, injini n'kutentha, inkazima. Ndikaisiya theka la ola inkaliranso ngati sinalakwepo. Ndinayesa katatu wotchi ili m'manja, chifukwa zaka zimene ndinakhala mtolankhani zinandisiyira chizolowezi chosakhulupirira chinthu ndisanachitsimikize.

Linali Lolemba, mwezi wa Okutobala. Loweruka la sabata yomweyo mlamu wanga, mng'ono wa mkazi wanga, ankakwatiwa. Apongozi anga aamuna anali atalengeza kale kwawo ku Manyamula kuti mkwatibwi adzakwera galimoto ya mkamwini wawo wa ku Dowa mpaka kutchalitchi pa Boma la Mzimba. Kwa zaka zambiri kumudziko ankandidziwa ngati munthu wovala bwino, wolankhula Chitumbuka chopunduka, wopanda ntchito yooneka pamwambo uliwonse. Aka kanali koyamba kundidalira.

Makaniko wanga ndi bambo wamfupi wa imvi, amene amakonza magalimoto pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Anamvetsera nkhani yanga, n'kulowa pansi pa galimoto ndi sipanala. Anatuluka ndi kanthu kakuda kapulasitiki, kosaposa chala chachikulu.

"Ni sensa, adada," anatero. "Aka ndiko kamauza kompyuta ya galimoto kuti injini ikuzungulira. Kakangokhala chete, kompyuta imatseka mafuta, mbwenu mwaima."

Anati masensa alipo amitundu iwiri. Ya olijino, yochokera kufakitale imene inapanga galimotoyo, pa Boma panalibe, inayenera kuitanitsidwa ku Lilongwe. Enawo ndi opangidwa ndi makampani ena, ndipo analipo m'sitolo ya mayi wina tsidya la msewu.

"Ena mwa amenewo ndi abwino chomene," anapitiriza, "ena ndi zidole."

"Mumawasiyanitsa bwanji?"

"Ndi maso ayi."

Ndinasankha ya olijino, ngakhale mtengo wake unandiwawa. Mnzanga wa ku Lilongwe anaigula Lachitatu, ndipo Lachinayi m'mawa anaipereka kwa kondakitala wa basi yopita kumpoto. Pali mfundo imodzi imene ine ndinkaidziwa koma ndinaiwala kumuuza: msewu waukulu sulowa m'tauni ya Mzimba, umadutsa chapatali, ndipo si basi iliyonse imene imakhota. Phukusi langa linakagona ku Mzuzu, foni ya kondakitala ili yozima.

Lachisanu m'mawa ndinabwerera pansi pa mango nkhope ili yakugwa. Makaniko sanandimvere chisoni. Anangoika ketulo wa tiyi pambaula n'kuitana mayi wa sitolo uja kuti abwere ndi masensa onse amene anali nawo. Anabwera nawo atatu, m'mabokosi osiyana.

"Mwati mukufuna kuphika katundu wanga?" anafunsa mayiyo. "Ndiwo zatha kwanu?"

"Amama, yopirira bwanayu agula. Yolephera mukabweza kumene munaoda. Mwaluza chiyani?"

"Nanga ikapsa?"

"Ikapsa ndi madzi a tiyi, mu injini ikanatani?"

Mayiyo anakoka benchi n'kukhala, nati aonerera yekha.

Makaniko anayamba ndi sensa yanga yakale. Anaikulunga m'kajumbo kuti madzi asalowe, analumikiza mawaya awiri a mita yake yoyezera magetsi, n'kuiviika m'madzi owira. Manambala anaoneka pamita, anakhazikika, kenako kutentha kutalowa anazimirira.

"Mwaona? Kawaya ka m'kati kakatentha kamalekana, kakazizira kamagwirananso. Matenda anu ndi amenewa."

Kenako anandiuza kuti ndisankhe ndekha yoyamba kuyesa. Ndinaloza bokosi la zilembo zagolide, lokhala ndi chidindo chonyezimira ndiponso Chingelezi chambiri cholonjeza ubwino. Ndagwirapo ntchito pakati pa zosindikiza, ndiye ndinkadziona ngati katswiri wa mabokosi. Sensa ya m'menemo inatha mphindi zinayi zokha m'madzimo, manambala n'kuthawa.

Mayiyo anawomba m'manja. "Yokwera mtengo kuposa zonse imeneyo! Andiona amene anandigulitsa."

Yachiwiri inali m'kabokosi kotuwa, kopanda chokopa chilichonse. Inakhala m'madzi mphindi khumi, khumi ndi zisanu, makaniko n'kuwonjezera makala, manambala osasuntha.

"Yachitatuyo isiyeni yaiwisi," anatero mayiyo, akuibisa m'chitenje.

Pomanga yachiwiriyo pa injini makaniko anandichenjeza. "Ketulo sanena za zaka, adada. Ya olijino tikudziwa kuti imakhalitsa. Iyi ketulo wangotiuza kuti mawa mufika."

Galimotoyo ndinaiyendetsa ola lathunthu masana omwewo, kukwera mitunda ndi kutsika. Sinatsokomole n'komwe.

Loweruka dzuwa linatuluka lili kale lokwiya. Ku Manyamula atsikana anamanga maliboni pagalimoto, ndipo mkwatibwi anakhala kumbuyo ndi azakhali ake. Tinanyamuka, mapikapu awiri odzaza anthu oimba akutitsata m'fumbi. Mphindi makumi awiri zinakwana tili panjira. Ndinayang'ana wotchi, ndinamvetsera injini, palibe chinachitika.

Chimene sindinayese dzulo lake ndi kuyenda kwa ukwati. Titayandikira tchalitchi, amayi a kuchimuna anatitchingira njira ndi nyimbo ndi nthungululu. Ankavina kutsogolo kwa galimoto, kubwerera m'mbuyo, kuyala zitenje pansi, kuzitolanso. Tinkayenda pang'onopang'ono kuposa ngolo ya ng'ombe, mphepo yoziziritsa injini palibe. Muvi wosonyeza kutentha unayamba kukwera. Ikanazima pamenepo, mlamu wanga akanalowa m'bwalo la tchalitchi akukankhidwa, mabanja onse awiri akuona.

"Alamu," anatero mkwatibwi kumbuyoko, "thukuta limeneli bwanji? Akukwatiwa ndinu?"

"Musiye mkweni ayendetse," anamudzudzula azakhali ake, koma nawonso akuseka. Mkweni ndiye mkamwini m'Chitumbuka.

Fani inalira pansi pa boneti, muvi unaima, kenako unatsikako pang'ono. Mtunda woti munthu amayenda mphindi zitatu tinautha m'mphindi makumi awiri ndi zisanu. Ndinaimika galimoto pakhomo penipeni pa tchalitchi, ndipo ndinaizimitsa ndekha, ndi kiyi. Apongozi anga anafika, anagogoda boneti kawiri ndi ndodo yawo, nati, "Yewo chomene."

Nkhani ikanathera pomwepo pakanapanda mkazi wanga. Osandiuza, iye anali atatuma msuweni wake wa ku Mzuzu kuti akasake phukusi lija kudepoti n'kubwera nalo ku ukwati. Msuweniyo anafika mochedwa kuholo ya madyerero. Atandisowa, anaika phukusilo patebulo loyamba limene anaona, lomwe linali la mphatso.

Wotsogolera mwambo ankatsegula mphatso imodzi imodzi pamaikolofoni. Zinatuluka mbale, bulangete, ndowa. Kenako anakweza kaphukusi kakang'ono.

"Iyi yachokera ku Lilongwe, abale! Mwaulemu!" Anang'amba pepala, anatsegula bokosi, n'kutulutsa kanthu kakuda kapulasitiki. "Akwati athu alandira... ichi."

Wina anakuwa kuti n'chotchajira foni. Mayi wina anati n'chotsekera botolo la mwana. Kumbuyo kwa holo makaniko wanga, amene anaitanidwa ndi a kuchimuna, anaimirira atavala suti yomukulira.

"Ni olijino iyo! Musagwetse!"

Ndinapita kutsogolo kukafotokoza, holo yonse ikugwa ndi phwete. Mkwatibwi anaifumbata sensayo pachifuwa nati mphatso yake sabweza. Mlandu unapita kwa apongozi. Iwo anaganiza pang'ono, n'kugamula kuti katundu ndi wa mkweni, koma chimene chafika patebulo la akwati sichichoka chabe: mkweni avine.

Sensa ya olijinoyo tinadzaimanga sabata yotsatira, ndipo ilipobe mpaka lero. Koma ndinaiwombola ndi miyendo yanga. Ng'oma za pasipika zitayamba, ndinaponda kumanzere pamene aliyense ankaponda kumanja. Apongozi anapirira kuonerera kwa kanthawi, kenako anapatsira ndodo yawo mkazi wanga, anandigwira dzanja n'kundikokera mumzere wa amuna a pabanjapo, pakati pa ana awo awiri.

"Yang'anani phazi langa," anatero. "Mwamphamvu, mkweni. Pansi pamve."